Masiku Khumi Chafufumimba

Bambo anga asoka matiresi kwa zaka makumi anayi ndi zitatu, koma mpaka chaka chatha ndinali ndisanawaonepo atagona dzuwa lili m'mwamba. Anthu amaseka ndikawauza zimenezi: munthu wogulitsa tulo kwa tauni yonse, mwini wake n'kumadana nato ngati matenda. M'shopu mwawo munalibe mpando, kupatula kabenchi ka pa makina osokera. Kasitomala akafuna kuyesa matiresi ankamulola kugonapo ndithu, koma ankamuimirira kumutu mpaka munthuyo achite manyazi n'kudzuka yekha.

Zonsezi ankazitenga m'buku lawo lachikuto chakuda, m'gawo lija muli malangizo a anzeru akale a Chiheberi. Gawolo lili ndi mitu makumi atatu ndi umodzi, ndiye iwo anaona kuti zinachitika dala, kuti munthu aziwerenga mutu umodzi pa tsiku mwezi n'kutha. Mwezi ukakhala waufupi, tsiku lomaliza tinkamva mitu iwiri kapena inayi, tiyi akuzizira. Tinkaimirira kukhitchini, iwo n'kumawerenga. Malangizowo amanena zambiri, za lilime, za mkwiyo, za mabwenzi, koma m'makutu a bambo munkalowa anthu awiri okha, wakhama ndi waulesi. Popeza ana tinalipo awiri, kugawa sikunavute. Akafika ponena za wakhama ankayang'ana achemwali anga, omwe anawatcha Kanyerere ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Akafika pa waulesi ankatsitsa magalasi n'kuyang'ana ine. Dzina langa pakamwa pawo linali "a Bwana", chifukwa ati mabwana okha ndiwo amadya osatuluka thukuta.

Sindikana, ndinali mwana wochita zinthu mochedwa. Ndinakula n'kukhala dalaivala pa ofesi ina, ndipo aliyense wodziwa ntchitoyi akuuzani kuti kuyendetsa ndi kochepa, kwambiri ndi kudikira. Umafikitsa abwana ku msonkhano, n'kukhala m'galimoto maola anayi, asanu, osachoka, chifukwa sudziwa nthawi imene atuluke. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi sindinachedwepo ngakhale tsiku limodzi. Koma tsiku lina bambo akudutsa m'tauni anandipeza ndaimika galimoto pansi pa mtengo, mpando nditaugoneka, nthawi ili leveni m'mawa. Anagogoda pagalasi, n'kundiyang'ana, n'kupitiriza ulendo wawo. Kwa iwo mlandu wanga unathera pomwepo.

Diso lawo lakumanzere linafa kalekale, waya wa matiresi akale atawafwamphukira kumaso. Lakumanja ndilo linkagwira ntchito ya awiri. Ndiye m'mawa wina anayamba kuona ngati katani yakuda ikutsika pang'onopang'ono kuchokera m'mwamba. Sanauze munthu. Anadula siponji masiku awiri akuyang'anira pansi pa kataniyo, mpaka achemwali anawaona akufufuza mpeni womwe unali patsogolo pawo. Anandiimbira foni, ndipo madzulo a tsiku lomwelo tinali kuchipatala.

Adokotala, mayi wamfupi wolankhula mosazungulira, atamaliza opaleshoni anatifotokozera tonse atatu. Anati kumbuyo kwa diso kuli kansalu kopyapyala komwe kamagwira kuwala, ndipo kansalu kameneko kanamatuka. Iwo anakabwezera m'malo mwake n'kuika kathovu ka mpweya m'disomo kuti kazikakanikiza mpaka kagwire. Koma kathovu kamakwera m'mwamba, choncho kuti kakanikize kumbuyo kwa diso, nkhope iyenera kuyang'ana pansi. Masiku khumi chafufumimba, usana ndi usiku. Pa ola lililonse analola mphindi khumi zokha zodyera ndi kupita kuchimbudzi, mutu uli wozyolika. Kenako analoza bambo ndi cholembera n'kunena kuti diso lina lachitatu alibe, likapita ili basi kwada.

Bambo anafunsa ngati angamadule siponji atawerama. Adokotala anayang'ana ine, ine ndinayang'ana achemwali.

Wowalondera anayenera kukhala ine. Mayi anatisiya zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, ndipo achemwali sakanachoka m'shopu. Ndinatenga tchuthi, ndinatsanzika mkazi wanga ndi ana, ndinanyamula kachikwama ndi mpando wapulasitiki wa kwathu. Bambo atamva kuti ndine anangoti, "Asankha katswiri."

Nyumba ya bambo ndi shopu ndi chinthu chimodzi. Shopu imayang'ana kumsewu, ndipo kuseri kwa khoma lake kuli chipinda chawo chogona, chokhala ndi zenera limodzi loyang'ana khoma la aneba. Mumanunkha guluu chaka chonse. Muli bedi lachitsulo, wadiropu ya mayi yomwe sitsegulidwa, ndi msomali wopachikapo jekete. Munthu sangagone chafufumimba masiku khumi mphuno ili papilo, ndiye ndinalowa m'shopu n'kutenga matiresi atsopano, okhuthala, n'kuboola ndi mpeni wa bambo bowo lokwana nkhope. Ndinachotsa matabwa awiri akumutu kwa bedi kuti mpweya uzilowa chapansi. Achemwali anagwira pakamwa poona ndikucheka katundu wogulitsa. Bambo anayendetsa zala m'mphepete mwa bowolo, kawiri, asanalowetsemo nkhope.

"Mwadula mokhota," anatero, mawu akuchokera pansi pa bedi.

Tsiku loyamba linali nkhondo. Ndinakhala pampando wanga wotchi ili m'manja, ndipo pa ola limodzi lokha anayesa kudzuka kasanu ndi kamodzi. Ati amva ngati geti latseguka. Ati mpope ukudontha. Ati aiwala kuuza Kanyerere kuti ulusi wobiriwira uli m'katoni yapansi. Nthawi iliyonse ndinkaika dzanja pankhongo pawo n'kuwabweza m'bowo. Ndinali ndisanagwirepo mutu wa bambo anga chibadwire, ndipo ndinadabwa kuti ndi wopepuka chonchi, koma khosi linali louma ngati thabwa. Ankatukwana chapansipansi, osati mawu oipa, iwo satukwana choncho, koma ankanena kuti akanadziwa akanangolisiya diso lija lipite m'malo mosungidwa ngati nyama yodwala.

Madzulo ake ndinapsa mtima n'kuwafunsa kuti akamata masiponji awiri ndi guluu amatani. Anati amatsindirapo njerwa. Ndinafunsa kuti wina akachotsa njerwazo guluu asanaume amamutani. Wina ameneyo ndinali ine ndili ndi zaka khumi, ndipo tonse awiri tinkakumbukira zimene anandichita. Sanatukulenso mutu pafupifupi maola awiri.

M'mawa wa tsiku lachiwiri anafuna mutu wa tsikulo. Linali pa sikisi, ndipo aliyense wokulira m'nyumba mwathu amadziwa kuti mutu wachisanu ndi chimodzi ndi umene umakalipira munthu wokonda tulo. Pa sikisi mwezi uliwonse ndinkamwa tiyi wowawa. Ndinatsegula bukulo, ndinayamba kuwerenga, ndipo nditafika pamalopo ndinalumpha mizere isanu ndi umodzi mosatsokomola n'komwe. Ndinkaopa kuti akaimva adzuka.

"Mwadumpha," anatero.

Ndinati tsamba linamatirira. Iwo anayamba kulakatula okha mizere yonse ndinasiyayo, osaphonya liwu, akulankhula ndi simenti ya pansi pa bedi. Ndinadikira kuti andibaye monga mwa masiku onse. Atamaliza anafinya m'mphepete mwa matiresi ndi zala.

"Lero akunena ine," anatero.

Apo m'pamene ndinamvetsa kuti sanali kuvuta chifukwa cha liuma lokha. Ankaopa. Munthu ameneyu ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akagona masana, china chake choipa chinyamuka kwinakwake n'kuyamba ulendo wobwera kwathu. Ndinawamvera chisoni, ndipo chisonicho chinandikwiyitsa, chifukwa sindinabwere kudzawamvera chisoni.

Masiku otsatira ndinkawerenga mutu wonse osadumpha. Aka kanali koyamba kuti ndiwerenge bukulo ndi maso anga, ndipo ndinapeza kuti muli anthu ena omwe bambo sankatsitsira magalasi. Muli chitsiru chomwe chimadziona cholondola nthawi zonse, muli munthu wokana uphungu, muli wopupuluma amene amathamangira m'mavuto. Ndikafika pamenepo ndinkakweza mawu pang'ono. Bambo ankati ndisakuwe, vuto lawo ndi diso, makutu ali bwinobwino.

Makutuwo ndiwo ananditsegula m'mutu pa tsiku lachitatu. Ndinaona kuti makina osokera akamalira kuseri kwa khoma, mapewa a bambo ankatsika, mpweya n'kumatuluka bwino. Akangosiya, ngakhale achemwali apite kukamwa madzi, mutu unkayamba kutukuka m'bowo muja, n'kumafunsa kuti chachitika n'chiyani. Pa mphindi khumi zawo zopuma ndinathamangira m'shopu n'kuuza achemwali kuti zivute zitani makina asaime.

Achemwali anandiyang'ana nthawi yaitali. Ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo akhala pa kabenchi kaja kuyambira ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Sanakwatiwe. Panali bambo wina wokonza mawailesi amene ankabwerabwera, koma analakwitsa n'kufika Lachiwiri m'mawa, bambo n'kumufunsa kuti amagwira ntchito yanji yomwe imalola munthu kucheza nthawi imeneyo. Sanabwerenso. Ndiye achemwaliwo anandilozera ngodya ya shopu, pomwe matiresi anasanjikizana mpaka kudenga, ena pulasitiki itayamba kuchita fumbi. Anati anthu masiku ano akugula a kufakitale m'masitolo akuluakulu. Anati chikuto cha matiresi chomwe ankasoka panthawiyo ndicho chomaliza, nsalu yatha, ndipo palibe kasitomala amene waitanitsa kanthu chiyambire mwezi. Bambo ankadziwa kuti zinthu zikuchepa, koma ankangowonjezera maola.

Tinagwirizana zachibwana, ndikuvomera, koma panthawiyo zinkaoneka zanzeru. Achemwali anayamba kusoka tizidutswa ta nsalu totsala m'thumba, kulumikiza kena ndi kena popanda cholinga. Tizidutswato titatha anayamba kusoka mzere pansalu imodzi, kuusula, n'kusokanso, mpaka nsaluyo inasanduka sefa. Kuyambira Lachinayi, lomwe linali tsiku lachisanu ndi chimodzi, anachotsa ulusi n'kumangopalasa makina opanda kanthu, kuyambira seveni mpaka faifi. Ndikasuzumira ndinkawapeza akuyang'ana kumsewu, manja ali pamiyendo, mapazi okha akugwira ntchito. Akakolo anatupa. Ndinawauza kuti tizisinthana, koma anakana, ati bambo amadziwa kapalasidwe kawo, ndipo ine malo anga ndi kuchipinda.

"Inu mumatha kukhala," anatero tsiku lina. "Ine ndikangokhala ndimamva ngati ndaba chinthu."

Chinyengocho chinkaoneka kuti chikugwira. Pa tsiku lachisanu tinali titapita nawo kuchipatala, atagona chafufumimba pampando wakumbuyo, ndipo adokotala anati kansalu kaja kayamba kugwira bwino, tingopirira. Bambo anasiya kuyesa kudzuka. Ankamwa tiyi ndi kapaipi, ankandilola kuwadontheza mankhwala, ankandilola ngakhale kuwapaka mafuta m'chiuno momwe munkawawa. Chipindacho chinkatentha masana, mpweya osayenda, ndipo ine ndemwe ndinayamba kudziwa mng'alu uliwonse wa khoma la aneba. Sindinatuluke pageti kupatula tsiku la kuchipatala lija. Ndevu zinamera. Mwana wanga wamkazi ankaimba foni kufunsa ngati agogo andimanga.

Masana a tsiku lachisanu ndi chiwiri anandifunsa chinthu chomwe sindinayembekezere.

"M'galimoto muja mumatani?"

Ndinaganiza kuti akuyamba zawo zija, koma anafunsanso, mofatsa, kuti maola onsewo ndimawatha bwanji osapenga. Ndinawauza. Ndinati sumalimbana ndi nthawi yonse pakamodzi, umangotenga kachidutswa kali patsogolo pako. Umasankha phokoso limodzi n'kulitsatira mpaka lithe, kenako lina. Thupi likafuna kudzuka umaliuza kuti lidikire mpweya khumi, ukatha umaliuzanso. Ndinati choopsa ndi kuganiza za zimene zikuchitika kwina, chifukwa ntchito yako panthawiyo ndi kupezeka pamene anakusiya. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Hmm." Patapita nthawi ndinamva akuwerenga mpweya monong'ona, milomo ikugunda m'bowo.

Ndinene zoona ngakhale zili zochititsa manyazi: ndinasangalala. Bambo anga ali gone ngati mtolo, diso lili pangozi, mlongo wanga akutupa mapazi kuseri kwa khoma, ine mtima unali mbee. Kwa nthawi yoyamba chinthu chomwe ndimadziwa chinali ndi ntchito m'nyumba imeneyo.

Tsiku lachisanu ndi chitatu, nditangomaliza kuwerenga mutu wa tsikulo, makina anayamba kulira monga mwa nthawi zonse. Bambo anamvetsera pang'ono.

"Makinawo akudya mphepo," anatero. "Ayamba Lachinayi."

Tinaiwala kuti munthu amene wamva makina amodzimodzi zaka makumi anayi amasiyanitsa singano yolowa m'nsalu ndi singano yobaya mpweya. Anati poyamba ankamva tizidutswa, chifukwa mizere inali yaifupi, ndipo anangokhala chete kuti aone pomwe tifike. Panalibenso chobisa. Ndinawauza zonse, za nsalu yotha, za matiresi ofika kudenga, za akakolo a achemwali. Ndinaimirira pafupi, dzanja lili chire, kudikira kuti mutu utuluke m'bowo. Sunatuluke.

"Kamuuzeni mwanayo apume," anatero patapita nthawi. "Nanunso, mwanawe, mwakhala m'chipinda muno sabata yonse. Pitani mukapitidwe mphepo, mukamete ndevuzo. Ine ndili pompano, ndikuwerenga mpweya."

Sananene kuti a Bwana. Ananena kuti mwanawe. Ndili ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, ndili ndi ana atatu, koma liwu limodzi limenelo linandigonjetsa. Ndikanakhala ndi nzeru ndikanafunsa kuti kufatsa kumeneku kwachokera kuti mwadzidzidzi. Sindinafunse, chifukwa ndinkafuna kwambiri kuti zikhale zoona.

Ndinalowa m'shopu n'kuuza achemwali kuti bambo adziwa, ndipo ati apume. Anachotsa mapazi pa makina pang'onopang'ono, ngati si awo. Tonse awiri tinatchera khutu kukhoma, koma kunali zii. Achemwali anayang'ana uku ndi uku kusowa chochita ndi manja, kenako anakhala m'mphepete mwa matiresi ena omwe anali pansi, ati angowongola msana pang'ono. Ndisanafike pakhomo anali atagona tulo, pakamwa pali yasa. Ndinawoloka msewu n'kulowa kwa ometa, ndinakhala pampando, ndinatseka maso, ndipo ometawo atandifunsa za bambo ndinati akupeza bwino, aphunzira kugona.

Ndinabwerera patatha mphindi makumi anayi. Bowo linali pululu. Jekete panalibe pamsomali, nsapato panalibe, chitseko chakumbuyo chinali chotsegula. Foni yawo anaisiya pabedi kuti tisawavutitse.

Sindikumbukira bwino dongosolo la maola otsatirawo. Ndinathamangira kumsika, kogulitsa nsalu, kutchalitchi, ngakhale kumanda a mayi. Achemwali ankayenda kutsogolo kwa shopu opanda nsapato, akudzimenya pachifuwa kuti tsiku limodzi lokha limene agona masana taonani zimene zachitika. Ndinawauza kuti wolakwa ndine, koma sanandimve. Anjinga zamoto a pakona anati mnzawo wina watenga mdala wovala jekete, wa chomata padiso, ndipo alowera msewu wakumpoto. Msewu umenewo phula limathera pa mlatho, kutsogolo kwake ndi maenje ndi miyala kwa maola awiri. Foni ya wanjingayo sinkapezeka. Ndinakhala pakhonde la shopu n'kumaganiza za kathovu kaja kakudumphadumpha m'diso pa bampu iliyonse, ndipo sindinathe kuwerenga ngakhale mpweya utatu.

Bambo anafika cha m'ma folo. Anali atakhala kumbuyo kwa njinga msana uli chilili, mutu uli m'mwamba, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Wanjingayo, bambo wamkulu ndithu, anayamba kudziyeretsa ndisanamufunse. Anati mdalayo anamuuza kuti adokotala amulola, ndipo anamutengera ku sukulu ina yogonera komweko kuseri kwa mapiri. Kumeneko anaimirira pakhomo la ofesi ya ahedi maola awiri, akukana mpando, mpaka anawalowetsa. Bambo anatsika mogwira phewa la wanjingayo, anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa pepala lopinda kanayi. Analitambasulira kumene ankaganiza kuti kuli achemwali, koma linaloza chitseko.

"Matiresi makumi anayi," anatero. "Teremu isanayambe. Ntchito ilipo, Kanyerere, imangofuna munthu woipitira."

Achemwali analandira pepalalo ndi manja awiri, misozi ili chuchuchu, ndipo sindikudziwa ngati ankalirira diso kapena matiresi makumi anayiwo. Bambo anapapasa khoma mpaka kuchipinda, anavula nsapato, anapachika jekete, n'kulowetsa okha nkhope m'bowo, mwaulemu, ngati wodwala womvera. Anati tsopano ndikhoza kuwerenga masiku anga awiri otsalawo.

Anagonadi osatukula mutu ngakhale kamodzi, ndipo ankagona mtima uli m'malo, mwina mpaka kuliza mkonono masana. Koma m'mawa wa tsiku lachisanu ndi chinayi, ndikuwadontheza mankhwala, anandifunsa ngati kunja kuli mitambo. Kunalibe mtambo ngakhale umodzi. Ndinaimbira kuchipatala, anati tibwere mawa lake m'mawa adokotala akakhalapo.

Adokotala anayang'ana m'disomo nthawi yaitali ndi kagalasi kawo, anawauza kuti ayang'ane kumwamba, kumanzere, pansi, kenako anazimitsa nyali. Anapempha nesi kuti aperekeze bambo panja, ine nditsale. Anati kansalu kamatukanso, ndipo ulendo uno kang'ambika kwambiri n'kukwinyika. Akhoza kuyesanso, koma tisaikepo mtima, mwina adzangosiyanitsa usana ndi usiku. Anafunsa kuti chinachitika n'chiyani, popeza pa tsiku lachisanu zonse zinali bwino. Ndinawauza za njinga ndi msewu wakumpoto. Anavula magalasi n'kutikita m'maso.

Ndinafunsa ngati likanachira akanapanda kudzuka. Anati pa zinthu zimenezi munthu salumbira, koma mmene analionera tsiku lija, inde, akukhulupirira kuti likanachira.

Ndinawapeza bambo pakhonde la chipatala. Nesi anawasiya pa benchi, koma anali ataimirira, dzanja limodzi lili pakhoma, lina likufinya chipewa. Anamva mapazi anga n'kutembenuza nkhope, koma anaphonya pang'ono, ankayang'ana phewa langa. Anafunsa zimene adokotala anena. Ndinawauza kuti lamatukanso, ayesa kachiwiri koma mwayi ndi wochepa. Anagwedeza mutu ngati munthu amene amadziwa kale. Kenako anafunsa motsitsa mawu, kuti odutsa asamve.

"Tsiku limodzi lija. Ndi limene lachititsa?"

Yankho linali pakamwa panga, lokonzeka, ndipo sindinalikonze tsiku limenelo. Ndinayamba kulikonza kukhitchini ndili mwana, tiyi akuzizira. Ndikanawauza kuti m'buku lawo lomwelo muli munthu wina amene sanamuonepo, wosamva uphungu, wodzidalira, ndipo munthu ameneyo si waulesi ayi, amadzuka m'mamawa. Ndikanawauza kuti ntchito yovuta kuposa zonse pamoyo wawo inali ya masiku khumi, ndipo anaithawa atatsala ndi awiri. Zonsezo zinali zoona, ndipo ndinkafunitsitsa kuzinena. Koma ndinaona dzanja lija pakhoma, zala zikufufuza pogwira pa penti yosalala. Ndinaganiza za zaka zomwe zawatsalira mumdima, opanda mpeni, opanda buku, ali ndi yankho langa lokha loti azilitembenuza m'mutu.

"Ayi, bambo," ndinatero. "Ati linali lothaitha kale. Ngakhale mukanagona mwezi wathunthu."

Anatulutsa mpweya wautali. Msana unawongoka, ndipo anavala chipewa chawo n'kuchikonza bwino.

"Ndinadziwa ine," anatero. "Ndiye taonani, a Bwana. Masiku onse aja mwandigoneka pachabe. Ndikanapita kusukulu kuja tsiku loyamba, bwenzi pano Kanyerere ali pakati pa ntchitoyo."

Ndinafuna kuwatsutsa, koma bodza linali langa, ndipo ndinali nditalipereka kale. Iwo anatambasula mkono kuti ndiwagwire, n'kunena kuti tifulumire, ogulitsa nsalu amatseka msanga, ndipo siponji ndidzadula ndine iwo akundiuza. Ndinawagwira pachigongono n'kuwauza kuti kutsogoloku kuli masitepe atatu otsika.